Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira maphunziro a mainjiniya a magetsi ku City Centre, Lilongwe



Magetsi ambiri m'dziko muno amachokera mumtsinje umodzi, Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Shire amamwa m'Nyanja ya Malawi, nyanjayo imadikira mvula, ndipo mvula siimvera munthu. Mu 2016 ndi 2017 madzi anatsika, magetsi n'kumathima tsiku lathunthu. Mu Januware 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kutayika nthawi imodzi. Tsopano tili ndi magetsi a dzuwa ku Salima, mamegawati 60, omwe amatsika mtambo ukangophimba.

Komabe tsiku lililonse wina ayenera kugamula: makina ati agwire ntchito mawa, ati akonzedwe, majenereta a dizilo ku Kanengo alizidwe nthawi yanji, madzi ochuluka bwanji adutse pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Amagamula asanaone zamawa.

Njira imene mwabwera kudzaphunzira, stochastic optimisation, siiyerekeza kuti zamawa zikudziwika. Kompyuta mumaipatsa zochitika mazanamazana zomwe zingagwe: tsiku la mitambo, tsiku limene namasupuni watseka polowera madzi ku Nkula, tsiku limene makina afa madzulo anthu akuphika. Chilichonse mumachipatsa mwayi wake wochitika. Kenaka imasankha ndondomeko imodzi yomwe mtengo wake ndi wotsika mukawerengera zonsezo pamodzi, kuphatikizapo zomwe dziko limataya magetsi akathima. Tsiku labwinobwino ndondomekoyi imadulirako, chifukwa makina ena amazungulira osasenza katundu wokwanira, kudikira ngozi. Zili ngati mlimi wodzala chinangwa pambali pa chimanga: chaka cha mvula anzake amamuseka, chaka cha chilala ana ake amadya.

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Kompyuta imawerengera mtengo wa mdima umene inuyo mwaiuza. Ku Area 10 ndi Area 43 magetsi akathima, jenereta imalira, sola imayaka, moyo n'kupitirira. Wowotcherera zitsulo ku Malangalanga, mayi wa saluni ku Old Town, mwini chigayo, amapinda manja, tsiku latha opanda ndalama ya ndiwo. Mukaika mtengo wa mdimawu wotsika, kompyuta idzakulangizani kusunga dizilo n'kuthimitsa magetsi a anthu amenewa, masamu ake ali olondola ndithu.

Choncho pitani mukawafunse zomwe amataya pa ola limodzi. A zanyengo ndi oyang'anira madzi, tsegulani mabuku anu a mvula ndi a kuya kwa nyanja, mainjiniyawa asamachite kupempha.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsegulidwa.