Musanasankhe thirakitala, sankhani zimene idzakoka

Kalabu yanu ikufuna kugula thirakitala yaing'ono, ndipo ku ofesi yathu akufuna kuti pofika mwezi wa Meyi kalabu iliyonse ya dera lino ikhale itagwirizana za makina amene ikufuna. Panopa mukulima bwanji? Ndi khasu, kuphwanya mizere yakale n'kuunga ina. Chabwino, tipitirire.

Anthu ambiri akamagula amayamba ndi dzina, kaya Massey Ferguson, Mahindra kapena John Deere, zipangizo n'kudzaziganizira ndalama zitatha. Ine ndikuti yambani ndi zipangizo. Kugalauza munda ndi ntchito ya masabata ochepa pa chaka, koma ngongole imafuna kubwezedwa chaka chonse. Thirakitala yokhala ndi pulawo yokha imakhala pansi pa mtengo miyezi yambiri osabweretsa kanthu. Ikakhala ndi ngolo, imatuta manyowa, njerwa, mchenga ndi matumba opita ku msika. Ikakhala ndi makina otonolera chimanga oyendetsedwa ndi shafiti ya thirakitala yotchedwa PTO, imalowa m'midzi yoyandikana nthawi yokolola n'kumalipitsa pa thumba. Chachitatu, chimene ndabwerera makamaka, ndi ripa. Kulima ndi khasu pa kuya komwekomweko zaka zambiri kumasiya nthaka ya pansi pa mizere itagwirana ngati njerwa, moti madzi salowa ndipo mizu imapindika. Ripa imang'amba mzere wokhawo wodzalamo, motalikana masentimita 75, mapesi n'kutsala pamwamba kuphimba nthaka. Imamwa dizilo wochepa kusiyana ndi kutembenuza munda wonse. Koma muzing'amba mukangokolola, chinyezi chikadalimo, chifukwa nthaka ya mu Okutobala ndi youma ndipo imalemetsa injini yaing'ono. Mukadziwa zipangizo zitatuzi, m'pamene mufunse wogulitsa kuti zikufuna mphamvu ya injini (horsepower) yochuluka bwanji. Pulawo ya madisiki atatu si ya thirakitala yaing'ono. Mukaikakamiza, matayala azingoterera pamodzimodzi, kilachi n'kupsa.

Chenjezo ndili nalo, ndipo si laling'ono. Magulu ambiri agwa pa zinthu zooneka zachabe: chitsa chobisika m'munda chathyola ripa, dizilo wogula m'zigubu wokhala ndi madzi wawononga pampu, oyilo sanasinthidwe pa nthawi yake, mnyamata wosaphunzitsidwa wagubuduza thirakitala pa mtsetse ngolo itadzaza. Kachitsulo kamodzi kakasowa mu Novembala, makina onse aima, mvula n'kukupitirirani.

Bambo mwaimirira kumbuyoko, ndakumvani. Mukufunsa kuti mathirakitala aja boma linagula ndi ngongole ya ku India anathera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani tikhulupirire kuti ino idzafika pa munda wa munthu wosauka. Funso lanu ndi loona ndipo sindilizemba. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, pansi pa mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lonena kuti ambiri mwa mathirakitalawo anagulitsidwa motchipa kwa anthu a maudindo m'malo mothandiza alimi ang'onoang'ono. Zimenezi zikhoza kuchitikanso m'kalabu ya anthu makumi awiri: wapampando n'kuyamba kulimitsa munda wake, achibale ake n'kutsatira, mayi wamasiye n'kufikiridwa mu Januwale ena akupalira. Koma yankho lake si kukana makina ayi. Yankho ndi kumanga malamulo makinawo asanafike. Mndandanda wa minda ulembedwe pamsonkhano ngati uno, a mfumu akuona. Aliyense alipire pa ekala, ngakhale wapampando. Thirakitala ili ndi mita yowerenga maola amene injini yagwira ntchito. Mlembi azilemba m'buku nambala yake m'mawa ndi madzulo, kuti dalaivala akapita kukagwira ganyu mobisa, bukulo limuulule. Gawo la ndalama zolowa lizisungidwa ku banki, lodikira oyilo, mafyuluta ndi matayala, ndipo osaina akhale atatu, pakati pawo pakhale mayi.

Mwati minda yanu ndi ing'onoing'ono ndiponso yomwazikana? Zoona, ambiri muno simufika hekitala imodzi, ndipo thirakitala ikamangoyenda pa msewu imatha dizilo osalima. N'chifukwa chake muziilowetsa chigawo chimodzi pa tsiku, oyandikana minda agwirizane. Pamsonkhano wotsatira mubwere ndi mayina, maekala a aliyense, ndi minda imene ikadali ndi zitsa, kuti tiyambe kuzula.