LAMYA YA M'MANJA NDI NCHITO YA AKRISTU M'MAKOMBONI

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi)

Mphunzitsi wa kumudzi alera ana amene ambiri a iwo sadzakalamba pamudzipo. Mwana akatsiriza sukulu ku Katete kapena ku Petauke, akwera basi natsikira mu Lusaka, nakapeza pogona kwa mbale wace ku Kanyama, ku Misisi kapena ku Chawama. Nanga kumeneko adzamlandira ndani m'dzina la Mpingo?

Funsoli si la lero ai. M'caka ca 1925, pamene migodi ya mkuwa inali kuyambika, Akristu opita kukafuna nchito ku dera la Ndola, ambiri ocokera ku Nyasaland, anasonkhana okha nakhazika mpingo wochedwa Union Church. Sanadikire amisyoni, pakuti bungwe la United Missions in the Copperbelt linadza m'mbuyo, mu 1936. Anasankha akulu ao, nasonkha ndalama zao, nagwira nchito ya Mulungu ataweruka ku nchito ya mzungu. Masiku amenewo mlendo anadziwika ndi kalata yocokera ku mpingo wa kwao, ndipo ikatayika m'njira, kawirikawiri mwini wace anatayikanso.

Tsopano nchito ya kalata ija igwidwa ndi lamya ya m'manja. Mipingo yambiri ya m'tauni iri ndi magulu a WhatsApp, a amai, a acinyamata ndi a akulu a mpingo. Munthu akadwala usiku, mbiri ifika kwa onse tambala asanalire. Pakagwa maliro, copereka ciyenda pa Airtel Money kapena pa MTN, ndipo ngakhale wokhala ku Johannesburg aponyapo yace. Mnyamata wodziwa masamu amva kumene kuli ana amasiye osowa wowathandiza, napita Loweruka.

Kufunika kwa zimenezi kunaoneka pa mliri wa kolera umene unabuka mu October 2023. Mu January 2024 bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, sukulu sizinatsegulidwe kufikira pa 12 February, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Nthenda imeneyi itha madzi m'thupi msanga, kotero kuti wodwala m'mawa akhoza kufa madzulo. Uthenga wofulumira wonena kumene kuli cipatala, ndi wakuti amwetsedwe madzi a mcere ndi shuga ali m'njira, ukhoza kupulumutsa moyo. Koma njira yomweyo ipitanso mabodza, monga akuti mankhwala a cipatala ndiwo akupha, ndipo bodza lotumizidwa ndi mkulu wa mpingo likhulupiridwa koposa. Ndiponso lamya sisenza ndowa, sicapa zofunda za wodwala. Ingoitana wocita zimenezo. Gulu lina lidzaza ndi "Ameni" makumi asanu, koma wofika pakhomo palibe.

Gawo la mphunzitsi liri pawiri. Aphunzitse ana okulirapo kufunsa, asanatumize uthenga kwa ena, kuti wacokera kwa yani ndipo walembedwa liti. Cinanso, mwana akamanyamuka ulendo wa ku tauni, mphunzitsi agwirizane ndi makolo ndi mbusa, apeze nambala ya mkulu wa mpingo wa komboni kumene apitako, namtumizire dzina la mwanayo, tsiku lofika, ndi nchito imene aidziwa, kaya kuimbitsa nyimbo kaya kuphunzitsa Sande Sukulu. Patapita mwezi, afunsenso ngati anaonekera.