Mfumu Ikamwalira, Tiyambe Tamva Amayi a Mbumba

(Mawu amene adayankhulidwa pa msonkhano wa makalabu a omvera wailesi ku Furancungo)

Nthawi mwandipatsayi ndi yochepa, ndiye ndingolunjika pa nkhani.

M'makalata amene makalabu mumatumiza ku wailesi muli funso limene likubwerabwera: mfumu ikamwalira, mwini mawu posankha wolowa m'malo ndani? Ena akuti ndi boma. Ena akuti ndi amuna a pabanjapo. Ena akungoti mzimu wa malemu udzanena wokha. Ine ndikuti pakati pa Achewa mawu oyamba ndi a amayi a mbumba. Abale athu Angoni ali ndi njira yawo, ufumu umapita kwa mwana wa mfumu, ndipo timaulemekeza mwambowo. Lero ndikunena za ife a Chichewa, amene wolowa ufumu amachokera kuchikazi, makamaka mwana wa mlongo wa mfumu.

Tiyambire kwa Undi. Mbiri ya makolo imati Undi atasemphana ndi a kwa Kalonga pa nkhani ya ufumu, adachoka ku Mankhamba nadzamanga likulu lake ku Mano, m'chigawo chathu chino cha Tete. Pochokapo adatenga Nyangu, mayi wa ufumu wa Aphiri. Bwanji Nyangu? Chifukwa mafumu onse a mtunduwo amabadwa kwa iye. Amene ali ndi Nyangu ndiye ali ndi mafumu a mawa. Mpaka lero ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kumene Kalonga Gawa Undi amakhala ndipo Achewa a maiko atatu timakakumana pa Kulamba mwezi wa Ogasiti, udindo wa Nyangu ulipobe.

Nanga mvula? Mvula sinali m'manja mwa Undi. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, tsidya la Malawi koma pafupi ndi malire athu, kudali kachisi wa Makewana, mayi wa fuko la Abanda. Dzinalo likutanthauza mayi wa ana. Makewana sankakwatiwa, chifukwa ankatengedwa ngati mkazi wa Chisumphi. Tsitsi lake silinkametedwa, poopa kuti mvula ingaleke. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, ndipo ng'oma ya kachisiyo, Mbiriwiri, inkaimbidwa ndi Tsang'oma. Mafumu okhala ndi mikondo ankatumiza mphatso kwa mayi wopanda mkondo. Taganizani zimenezo: mfumu ikalakwa, chilala chikagwa, wonena kuti mizimu yakwiya adali mayi.

Ngakhale alendo adauzindikira mwambowu. Dziko la Macanga lino lidalamulidwa zaka zambiri ndi banja la Caetano Pereira, limene kholo lake lidachokera ku Goa, ku India, kudzafuna golide. Anthuwa adali ndi mfuti ndi achikunda, komabe adaona kuti mfuti yokha siipatsa munthu ufumu pakati pa Achewa. Adakwatira m'banja la Undi, natenga mayina ndi miyambo ya kuno. Ulamuliro wawo udatha mu 1902 pamene Apwitikizi adagonjetsa Chinsinga.

Tsono ndikutengeni pang'ono kupita kutali, kuti tione mwambo wathu pouyerekeza ndi wa ena. Ku England, mu 1764, Horace Walpole adatulutsa buku la nthano yoopsa lotchedwa The Castle of Otranto. Ndi buku limene lidayambitsa mtundu wa nthano za mizukwa ndi nyumba zakale zachifumu umene Angerezi amautcha Gothic. Nkhani yake ndi ya Manfred, mfumu yokhala pa mpando wosakhala wake, pakuti agogo ake adapha mwini ufumu, Alfonso, pomuthirira chiphe. Tsiku la ukwati wa Conrad, mwana yekhayo wamwamuna wa Manfred, chisoti chachikulu chachitsulo chidagwa ngati chochokera kumwamba nkumupsinja mnyamatayo. Maliro asanathe n'komwe, Manfred adaganiza zosiya mkazi wake Hippolita kuti akwatire Isabella, mtsikana amene amati akhale mpongozi wake, n'cholinga chobereka mwana wina wamwamuna. Isabella adathawa kudzera m'njira ya pansi pa nthaka. Pomusakasaka, Manfred adabaya mwana wake yemwe, Matilda, poyesa kuti ndi Isabella. Pamapeto mzimu wa Alfonso udaonekera, makoma nkugwa, ndipo udaloza mwini weniweni wa mpando: Theodore, mnyamata wooneka wamba, koma mdzukulu wa Alfonso kudzera mwa amayi ake.

Mwamva, eti? Ngakhale kumeneko magazi a ufumu adadzera mwa mayi. Koma kusiyana kulipo. M'nthano ija amayi alibe pakamwa. Hippolita amangovomera, Isabella amangothawa, Matilda amafa. Poti palibe munthu wamoyo woti amudzudzule wolandayo, mpaka mzukwa udachita kudzuka kuti chilungamo chioneke. Makolo athu sadadikire mzukwa. Adaika amayi amoyo pa malo amenewo: Nyangu wosunga mzere wa ufumu, Makewana woyankhulira mizimu, ndi ntchembere za m'mudzi uliwonse zodziwa kuti uyu adabadwa kwa yani, bere lalikulu ndi liti, laling'ono ndi liti.

Lero nanga? Titalandira ufulu mu 1975 mafumu adaikidwa pambali, powanena kuti adali zida za atsamunda. Mu 2000 boma lidatulutsa Decreto 15/2000 yozindikiranso atsogoleri a m'midzi. Mfundo yake inali yomveka: anthu eni ake ayambe avomereza mtsogoleri wawo, kenako boma limuzindikire. Boma silibereka mfumu ayi. Koma poti ufumu tsopano uli ndi yunifolomu ndi kandalama, ndiponso mawu pa nkhani za minda, oufuna achuluka. Ndiye timaona zotani? Amuna atatu kapena anayi amagwirizana usiku, m'mawa dzina lapita kale ku boma. Gogo wachikazi akati iyayi, ameneyo si wa bere limeneli, yankho lake limakhala lakuti agogowa ndi mfiti, ndiwo adadya malemu. Wina amapita kwa sing'anga, nabwerako ndi uthenga woti mzimu wasankha iyeyo. Zodabwitsa, mzimu wake umasankha yemwe walipira! Kale mizimu inkatchinjiriza mbumba kwa wolanda. Lero wolanda akubwereka dzina la mizimu kuti atseke pakamwa mbumba.

Zotsatira zake tonse tikuzidziwa: mudzi umodzi mafumu awiri, milandu ya minda yosatha, abale osayenderana ngakhale pamaliro, ndi agogo okalamba othamangitsidwa pakhomo pamene adabereka ana onse.

Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, mfumu ikamwalira, dzina lisapite ku boma amayi a mbumba asanakhale pansi ndi kunena poyera, masana, anthu akumva. Chachiwiri, kalabu iliyonse ipite kwa ntchembere za kwawo ndi kope kapena foni yojambulira mawu, ilembe mzere wa ufumu wa mudzi wawo agogowo akadali moyo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likauma moto tidzazimira kuti? Chachitatu, mukamva gogo akunenedwa ufiti nthawi ya mkangano wa ufumu, dzifunseni kuti akachoka iyeyo apindule ndani, ndipo nkhaniyo mukaitule kwa akuluakulu ndi kupolisi asanavulale munthu.

Mafumu athu, inu mudabadwa kwa amayi amenewa ndipo ndiwo adakulozani. Atetezeni.