Kuchokera M'minda ya Tii Kukafika ku Burma

Munthu woyenda m'boma la Thyolo m'mawa wa chiperoni amaona mapiri obiriŵira ndi tii mpaka pamene maso alekezera, ndipo nkovuta kuganiza kuti m'mizere yomweyo munachokera anyamata amene anakamenya nkhondo kutsidya kwa nyanja ya mchere. Nkhani ya lero ikutsata moyo wa mnyamata wotere, mmodzi mwa amuna pafupifupi 30,000 a dziko lino amene anavala malaya a usilikali pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945.

Kaŵirikaŵiri mnyamatayo anali mwana wa Alomwe. Makolo ake anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthaŵa nkhanza za Apwitikizi, ndipo malo okhala anawapeza pa minda ya Azungu. Tii anayamba kudzalidwa ku Thyolo m'chaka cha 1908, motero mnyamatayo anabadwira pakati pa tii, nakulira momwemo. Nthaka imene mayi wake ankalimapo chimanga ndi nandolo sinali yawo. Lamulo la 1928 linkati munthu wokhala pa esiteti alipire lendi ndi ndalama kapena ndi thukuta lake, ndipo mwini malo anali ndi mphamvu yomusamutsa. Iyi ndiyo thangata. Inkafuna munthu m'miyezi ya dzinja, pamene tii aphukira msanga, nthaŵi yomweyo imene munda wake womwe ufuna khasu. Mwana akangosinkhuka ankapalira, kenaka ankasenza dengu kumsana, kuthyola timasamba tiŵiri ndi kansonga, ndipo madzulo ankaima pamzere kudikira kapitawo kuti achonge tikiti.

Tsono pamene olemba asilikali anafika pa boma ndi kwa mafumu, malipenga akulira, mnyamata wa zaka 18 kapena 19 anali ndi zambiri zoyeza mumtima. Ku Keyala, ndiko kunena King's African Rifles, kunali malipiro oposa a pa esiteti, chakudya chokwanira, bulangete ndi zovala. Ena anapita mwa kufuna kwawo. Ena anachita kukankhidwa ndi mafumu amene boma linkawapanikiza kuti apereke anthu. Za Hitler ndi Mussolini ambiri ankangomva maina.

Ku Zomba anamuyeza thupi, anamumeta, namupatsa nambala. Anaphunzira kuguba, kupukuta mfuti ndi kumva malamulo a sajeni. Pambuyo pake magalimoto anamutenga ulendo wa masiku ambiri, kudzera ku Tanganyika mpaka ku Kenya.

Adani oyamba anali Ataliyana, amene analoŵa nkhondo mu Juni 1940. Apa pali chinthu chodabwitsa: ku Thyolo komweko minda ina yaikulu inali ya Mtaliyana, Conforzi, kotero panali anyamata amene Mtaliyana anamudziŵa poyamba ngati bwana wa ntchito, asanakomane naye ngati mdani. Mu Julayi 1940 kagulu ka asilikali a bataliyoni yoyamba ya Nyasaland kanazingidwa pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo katalimbikira masiku angapo kanatuluka usiku mwakachetechete. Mwezi wotsatira bataliyoni yachiŵiri inamenya nkhondo yoŵaŵa pa Tug Argan, ku Somaliland, kumene Ataliyana anali ochuluka koposa, ndipo opulumuka anabwerera ku doko la Berbera nakwera zombo. Koma zinthu zinatembenuka. Pofika Novembala 1941 linga lotsiriza la Ataliyana ku Ethiopia, la Gondar, linagwa. M'chaka cha 1942 asilikali ena a kuno anatumizidwa ku chilumba cha Madagascar.

Chimene akuluakulu obwerako sankachiiŵala ndi Burma. Mu 1943 gulu lalikulu la asilikali a kum'maŵa kwa Afrika, lotchedwa 11th East African Division, linakwera zombo pa Mombasa kupita ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Mnyamata wa ku Thyolo, atasauka ndi chizungulire cha panyanja, anatsikira m'dziko limene mapiri ake ali odzala ndi tii monga kwawo, ndipo othyola ake analinso amphaŵi osenza madengu. Kumeneko anaphunzira nkhondo ya m'nkhalango.

Mu Ogasiti 1944 gululo linaloŵa m'chigwa cha Kabaw, pakati pa mvula yamphamvu ya m'dzikolo, kuthamangitsa Ajapani amene ankabwerera atagonja ku Imphal ndi ku Kohima. Nthaŵi ya mvula asilikali a mbali zonse ankayembekeza kupuma, koma akuluakulu a nkhondo anafuna kuti mdani asapeze mpata wokonzekanso, ndipo ntchitoyo inagwera Aafrika. Mseu unasanduka phala. Magalimoto anatitimira, ndipo asilikali anadula mitengo nkuiyala pamatope mtunda wautali kuti mfuti zazikulu zidutse. Chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege, ndipo mitambo ikatseka kumwamba anthu ankagona ndi njala. Misundu inkaloŵa m'nsapato. Malungo, kamwazi ndi nthenda ina yofalitsidwa ndi tizilombo ta m'udzu zinagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Ajapani ankakumba maenje m'zitunda, kuwafolera ndi mitengo ndi dothi, osaoneka mpaka munthu atafika pafupi. Ndipo sankadziŵa kukweza manja. Chitunda chilichonse chinkalandidwa ndi mabomba a m'manja ndi benete.

Kumayambiriro kwa Disembala 1944 gululo linalanda Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, ndipo pamenepo panamangidwa mlatho woyandama wopitirira mafiti 1,000, umene magulu ena anaolokerapo kuloŵa m'kati mwa Burma. Aafrika anabwezedwa ku India kukapuma. Ali komweko, Japan inagonja mu Ogasiti 1945. Ambiri anafika kwawo mu 1946. Ena anatsala m'manda a m'dzikolo, ndipo kumudzi kunangofika uthenga kudzera kwa bwanamkubwa wa boma.

Wobwerayo anatsika sitima pa Luchenza kapena pa Limbe ali ndi jasi, mamendulo ndi kandalama kothokozera. Ena anali ataphunzira kuŵerenga, kuyendetsa galimoto kapena kuthandiza m'chipatala, ndipo ameneŵa anapeza ntchito m'tauni. Ena anagula njinga kapena makina osokera, ena anatsegula kantini imene sinakhalitse. Koma amene anabwerera pa esiteti anapeza lamulo lili momwe analisiyira. Munthu amene analanda zitunda za ku Burma analibe ndime yakeyake ku Thyolo, ndipo kuti amange nyumba kapena adule mtengo ankayenera kupempha chilolezo.

M'chaka chomwecho cha 1946 boma linaitana Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo, ndipo iye analangiza kuti boma ligule nthaka yosalimidwa ya maesiteti nkukhazikapo anthu. Ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono. Njala ya 1949 inadutsa, mitima ikuŵira. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda unabutsa chipolowe chimene chinafalikira m'maboma oyandikana, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata inathetsedwa mwalamulo mu 1962, msilikali uja ali ndi zaka zopitirira 40, ana ake atayamba kale kusenza dengu.