Sefa ya mafunde ili kukhitchini kwanu komweko

 Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta ndi netiweki, ndipo lero ndabwera ndi nkhani ya sefa. Sefa yake si ya ufa wa nsima ayi, koma ya mafunde a wailesi.

Tayang'anani chitseko cha microwave yanu. Kuseri kwa galasi kuli kachitsulo ka timabowo ting'onoting'ono. Mkatimo chakudya chimatenthedwa ndi mafunde a 2.45 GHz, ndipo funde limodzi limatalika masentimita pafupifupi 12. Timabowoto n'ta milimita imodzi kapena iwiri basi, ndiye mafundewo amalephera kudutsa. Koma funde la kuwala n'lalifupi kwambiri, silifika n'komwe pa 0.001 ya milimita. N'chifukwa chake mumaona phala lanu likuwira, mafunde otenthawo atatsekeredwa mkati.

Lamulo lake ndi lomwe lija la paipi yachitsulo yoyendetsa mafunde, imene akatswiri amaitchula kuti waveguide. Paipi yotere imakhala ndi malire ake, cutoff. Mafunde aafupi, a frequency yokwera, amadutsa bwinobwino. Aatali amafooka msanga n'kufera pakhomo. Pa paipi ya makona anayi, funde lotalika kuposa kawiri m'lifupi mwa paipiyo silidutsa. Mwachitsanzo, WR-90 ndi ya mamilimita 22.86 m'lifupi, ndipo malire ake ali pa 6.56 GHz. WiFi ya 2.4 GHz singadutsemo ngakhale mutaikakamiza bwanji.

Nanga amafooka motani? Mu paipi yozungulira, funde likakhala pansi kwambiri pa malire aja, mphamvu yake imatsika ndi 32 dB pa mtunda uliwonse wofanana ndi kukula kwa kamwa la paipiyo. Apa ndiye kuti yachepa kuposa ka 1,000. Mukatalikitsa paipi kawiri, yachepa kuposa ka miliyoni.

Nzeruyi si yalero. Lord Rayleigh anaiwerengera masamu ake mu 1897, kenako mu 1936 George Southworth ndi Wilmer Barrow, aliyense payekha, anaonetsa poyera ku America kuti zimathekadi. Lero mukaipeza pa dishi ya DStv kumudzi kuja: kapaipi ka pa LNB kamalola mafunde a setilaiti oyambira pa 10.7 GHz, n'kukaniza a foni. M'zipinda za MRI namo, timapaipi totere timalowetsa mpweya ndi mawaya a fibre popanda kulowetsa phokoso la wailesi.

Koma pali msampha, makamaka kwa inu amene mukufuna ntchito ngati yangayi. Mukangodutsitsa waya wachitsulo mu paipimo, sefa yatha. Yasanduka ngati coax, ndipo coax ilibe malire otere, chilichonse chimadutsa. Fibre ilibe vuto chifukwa ndi galasi.

Ndiye pakhomo, zinthu ziwiri. Microwave ikapindika chitseko, kapena kachitsulo kaja kakang'ambika, musaiyatsenso. Ndipo video call ndi amayi ikamadukaduka wina akungotenthetsa ndiwo, dziwani kuti timafunde tochepa tothawira m'mphepete mwa chitseko tikulimbana ndi WiFi yanu ya 2.4 GHz. Samukirani pa 5 GHz, kapena chotsani router kukhitchiniko.