Makoko a Zipatso Ali ndi Nchito

Amai ndi abambo a kuno ku Kafue Estates, m'miyezi ya December ndi January mango amaculuka, ndipo makoko ace amaunjikana pa msika ndi pa dzala, naitana nchenche. Lero ndifuna kukufotokozerani cimene anthu a sayansi amatulutsa m'makoko otere.

Nonse mudziwa munkoyo. Mukasinja mizu yace ndi kuiika m'phala lolimba, phalalo limasungunuka nilitsekemera. Cimera cimacita zomwezo m'thobwa. Cimene cimagwira nchitoyi sicioneka ndi maso, ndipo dzina lace ndi enzaimu.

Cuku, comwe cija cimamera pa nsima yogonetsa, naco cimapanga maenzaimu. M'caka ca 1894 Jokichi Takamine, wa ku Japan, analembetsa ku boma la America njira yace yopangira enzaimu ndi cuku colimidwa pa gaga wa tirigu.

Ndi makoko a zipatso amacita motere. Amayanika makoko a malalanje, mango kapena nthoci, nawapera. Amawanyowetsa pang'ono, nawaphika ndi nthunzi kuti tizirombo tonse tife. Atazizira amafesamo cuku cosankhidwa, cochedwa Aspergillus niger, nawasunga pa malo ofunda ngati madigiri 30 kwa masiku 3 kufikira 5. Cukuco pofuna kudya makokowo cimatulutsa enzaimu yochedwa pectinase. Pamenepo amathiramo madzi, nasefa. M'madzi osefawo amaikamo mcere wa ammonium sulphate woyeretsedwa, ndipo enzaimu imadikha pansi. Amaitenga naiumitsa. Opanga madzi a zipatso amaigula, cifukwa imafewetsa cipatso kuti citulutse madzi ambiri ndi oyera.

Tsono mverani cenjezo. Nchito imeneyi si ya pa khomo ai. Cuku ciri ca mitundu yambiri, ndipo maso sangathe kusiyanitsa cabwino ndi coipa. Mtundu wina, Aspergillus flavus, umene umagwira nsawawa ndi cimanga cosauma bwino, umapanga ululu wochedwa aflatoxin, woononga ciwindi. M'caka ca 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nsawawa zacuku. M'caka ca 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya cifukwa ca cimanga cotere.

Cifukwa cace gawo lanu ndi ili. Musasakanize makoko ndi mapulasitiki kapena zinyalala zina. Amene ali abwino muyanike pa thandala kufikira aume gwa. Mungathe kusakaniza pang'ono m'cakudya ca ng'ombe ndi mbuzi. Amene agwidwa kale ndi cuku musapatse ciweto ciri conse, ngakhale nkhumba. Muwaike m'dzenje la manyowa pamodzi ndi udzu ndi ndowe, kuti aole ndi kubwerera ku dimba.

Amene afuna kudziwa zambiri aonane ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lace.