Maso Pa Mpira

Anzathu okonda mpira ali ndi mau a Chingerezi akuti "keep your eye on the ball," kutanthauza kuti maso asachoke pa mpira. Nanga pa chisankho, mpira wathu ndi uti? Ndi madzi aukhondo ku Bangwe, mankhwala m'zipatala, misewu yabwino ku Ndirande ndi ku Machinjiri.

Pa 14 June 1993 tidasankha ndale za zipani zambiri kuti voti yathu ikhale ndi mphamvu. Tsono tisaigulitse ndi nsalu kapena ndalama. Ngakhale lamulo la zipani la 2018 likuletsa kugula mavoti ndi ndalama. Wofuna voti timufunse: "Mudzatichitira chiyani?"

Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.